Mayina Amene Bambo Dinis Sanalembe

Bambo Dinis Kalinde anakhala sekretariyo wa mudzi wa Namikoko, kufupi ndi Itepela, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Udindowo sanachite kuufuna. Anthu atabwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo, zinapezeka kuti m'mudzi monse ndi iwo okha amene ankalemba Chipwitikizi chomveka, chimene anaphunzira kwa atsibweni awo, akatekisita. Sekretariyo wakale atakalamba, anthu anangoti, "Cholembera chigwireni ndinu," nkhani n'kuthera pomwepo.

Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wosamwa mowa, mlimi wa fodya ndi chimanga monga anzake onse. Chowasiyanitsa chinali njinga ndi buku lachikuto chakuda. Boma likafuna kulankhula ndi anthu a ku Namikoko linkalankhulira pakamwa pawo: tsiku la katemera wa ana, tsiku lolandira maukonde a udzudzu, tsiku lolambula msewu. Uthenga unkachoka kutali ku Maputo, n'kufika ku Lichinga, n'kutsikira ku boma la Ngauma, n'kudzera pa posto, ofesi yaing'ono ya boma ya ku Itepela, n'kudzathera pa njinga ya Bambo Dinis. Kumene njingayo sinafike, boma nalonso silinkafika.

Kutsidya kwa kamtsinje ka Lipembe kunali mabanja asanu ndi anayi, a mudzi womwewo. Iwowa anachedwa kubwerako kothawa nkhondo, ndipo amayi awo ankakachirabe ku chipatala cha ku Malawi chifukwa n'chimene chinali pafupi. Mkulu wa mabanjawo anali a Manueli, munthu wanthabwala koma wapakamwa powawa.

Chaka china a Manueli ankatentha mapesi m'munda mwawo kukuwomba mphepo. Moto unalumpha mtsinje n'kukagwira chigafa cha Bambo Dinis, mmene munali fodya wa chaka chonse. Palibe chimene chinapulumuka. Akuluakulu atakhala pansi kuti aweruze, a Manueli sanapepese.

"Moto ulibe mwini," anatero. "Ngati mukufuna wolakwa, lembani mphepo m'buku lanulo."

Anthu ena anaseka. Bambo Dinis anausiya pomwepo mlanduwo n'kubwerera kwawo, ndipo ambiri anawatama kuti ndi munthu wa mtima wa Mulungu.

Chilimwe chotsatira kunabwera gulu la boma lolemba ana m'kaundula. Linati likhala masiku atatu pasukulu, ndipo mwana aliyense wobwera ndi kholo lake alandira sedula, chikalata chosonyeza kuti anabadwa ndiponso kuti ndi wa dziko lino. Bambo Dinis anazungulira nyumba ndi nyumba kuuza anthu. Atafika pamtsinje anaima, anayang'ana kutsidya, n'kutembenuza njinga.

Tsiku lachitatu, mayi amene ankatsogolera gululo anawafunsa akulongedza mapepala.

"Sekretariyo, nyumba zonse zamva? Nanga zija tinaziona kutsidya kwa mtsinje?"

"Awo ndi a ku Malawi, shefi. Amangobwera kudzalima."

Mawuwo anatuluka mofewa, ngati anali atakhala pa lilime kuyembekezera. Mayiyo analemba kanthu papepala lake, anawapatsa Bambo Dinis kuti asayine, galimoto n'kunyamuka.

Kunyumba mkazi wawo, Mayi Modesta, anawafunsa akupeta nyemba.

"Akutsidya sindinawaone pamzere. Munawauza?"

"Mtsinje unali wovuta kuwoloka."

"Chilimwe chino? Nkhuku ikuwoloka osanyowa mapazi."

Mayi Modesta sanafunsenso, koma anawayang'ana nthawi yaitali, lichero lili chigwirire.

Bambo Dinis ankaganiza kuti angowalanga a Manueli kamodzi kokha. Sankadziwa kuti pepala la boma limabereka. Maukonde atabwera, anabwera owerengedwa kale, ndipo akutsidya sanali m'chiwerengero. Ofuna kukumba mjigo atayang'ana kumene kuli anthu ambiri, kutsidya kunaoneka ngati thengo. Nthawi iliyonse Bambo Dinis ankadziuza kuti ulendo wotsatira akakonza. Koma kukonza kunafuna kuti akaime pamaso pa akuluakulu a pa posto n'kunena kuti ananama, ndipo zimenezo zinkawalemera kuposa thumba la chimanga. Akutsidya nawo sanadandaule. Ankangoti boma ndi lomwelo, limaona apafupi ndi msewu.

A Manueli anamwalira patapita zaka zinayi. Bambo Dinis ananyamula nawo bokosi, ndipo monga sekretariyo analankhula pamanda, kuwatchula malemuwo kuti anali mwana weniweni wa Namikoko. Pobwerera, anthu atakhala kuti adye, iwo anangopitirira n'kupita kwawo.

Zinapita zaka zina zisanu. M'mawa wina akukonza mbande za fodya, kunafika Mayi Jacinta, mwana wa malemu a Manueli, ali ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Mtsikanayo anali Natália, amene aphunzitsi ankamutchula paliponse chifukwa cha masamu. Onse awiri anagwada patali.

"Bambo, tabwera ndi vuto," anatero Mayi Jacinta. "Aphunzitsi akuti mwanayu salemba mayeso omaliza popanda sedula. Zaka zonsezi ankangomulola kulowa m'kalasi, koma mayesowa akuti ayi."

"Sanalembedwe?" anafunsa Bambo Dinis, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Vuto ndi lathu, bambo. Nthawi ija kunabwera olemba ana ife tinamva atapita kale. Kaya tinali kumunda, kaya tinagontha. Ndife makolo osasamala. Tithandizeni, musatitopere."

Bambo Dinis anayang'ana manja awo odzaza dothi. Akanakonda mayiyo akanawatukwana. Koma anali atagwada, akupepesa pa mlandu umene sunali wake.

Mawa lake anakwera nawo shapa, minibasi yonyamula anthu, kupita ku boma. Mu ofesi ya kaundula anapeza kalaliki wachinyamata, wa ulemu wake. Anafunsa umboni wa kubadwa, ndipo Mayi Jacinta anatulutsa kabuku ka chipatala cha ku Malawi. Kalaliki anakanda mutu, analowa m'chipinda china, n'kubwera ndi mulu wa mapepala akale omanga ndi chingwe. Anafufuza mpaka anapeza la Namikoko.

"Apa pavuta," anatero. "Palembedwa kuti mabanja a kutsidya kwa Lipembe ndi alendo ochokera ku Malawi, ndipo wachitira umboni ndi sekretariyo wa mudzi. Sekretariyo wa nthawi imeneyo anali ndani? Alipo?"

Mu ofesimo munali anthu ena asanu ndi mmodzi pabenchi. Bambo Dinis akanatha kunena kuti olemba aja sanamve bwino. Anavula chipewa.

"Ndine. Dzanja limenelo ndi langa. Ndinanama. Anthuwa ndi a kwathu, agogo awo anaikidwa m'manda amodzi ndi agogo anga. Ndinali ndi mkwiyo ndi bambo a mayiwa."

Mayi Jacinta anatembenuka pang'onopang'ono. Sanakuwe. Anangoti, "Nkhani ya chigafa ija?"

"Eya, mayi."

"Mwanayu anali ndi zaka zinayi, bambo. Moto anayatsa ndi iye?"

Pobwerera, Mayi Jacinta ndi mwana wawo anadikira shapa ina.

Kalaliki uja ananena zoona kuti nkhaniyo sikanatha tsiku limodzi. Panafunika kalata ya ku posto, mboni ziwiri pa mwana aliyense, ndi chilolezo cha akuluakulu amene nthawi zambiri anali pa ulendo. Bambo Dinis anapita ku boma kasanu ndi kawiri, ulendo wina pa njinga mvula ikugwa. Mayeso anafika, ana ena analemba, Natália ali kumunda.

Lamlungu lina, anthu atatuluka m'tchalitchi, Bambo Dinis anawaimitsa pabwalo n'kufotokoza zonse kuyambira pa moto uja. Kenaka anaika buku lakuda pampando nati asankhe wina. Ena anati akhalebe popeza avomera okha, ena anati mawu abwino sabweza zaka. Mnyamata wina wakutsidya anafunsa kuti ana awiri amene anamwalira ndi malungo kwawoko chaka cha maukonde awawerengere ndani. Bambo Dinis sankadziwa ngati ukonde ukanawapulumutsa anawo, ndipo mpaka lero sadziwa, koma funsolo anapita nalo kwawo.

Masedula anatuluka chaka chotsatira, makumi awiri ndi atatu, a ana onse akutsidya. Sekretariyo watsopano anawagawa pasukulu. Ya Natália inatsala, chifukwa mtsikanayo anali atapita ku Cuamba kwa azakhali ake, kumene ankagulitsa nthochi ndi mtedza pafupi ndi siteshoni ya sitima. Mayi Jacinta anati adzamupatsa akadzabwera pa Natale, nthawi ya Khirisimasi. Bambo Dinis anapempha kuti akapereke okha. Mayiyo anawayang'ana, n'kuwapatsa sedulayo.

Anakwera shapa mpaka ku Mandimba, n'kusintha ina ya ku Cuamba. Anamupeza Natália masana, dzuwa likuswa mtengo, atakhala pa ndowa yovundikira, akuwerengera kasitomala nthochi. Anali atakula, nkhope itauma pang'ono. Atawaona anaimirira n'kuwapatsa ndowayo kuti akhalepo.

"Mwayenda bwanji, agogo? Kumudzi kuli bwanji?"

Anamupatsa sedula ili m'kapepala ka pulasitiki. Natália anaitsegula, anawerenga dzina lake, la amayi ake, ndi la mudzi. Anaiwerenga kawiri.

"Aphunzitsi akuti malo ako alipo," anatero Bambo Dinis. "Ukhoza kulemba chaka chino."

"Anzanga ali ku sekondale, agogo. Ine ndikakhale pansi ndi ana amene ndinkawabereka kumbuyo?" Anaseka pang'ono, osati monyoza. "Kunonso azakhali akudwala miyendo, malondawa ndi ine. Ndiona. Mwina."

Bambo Dinis anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma anatuluka ochepa. "Ndinakulakwira, mwana wanga."

"Ndinamva tsiku lija, ndinalipo," anatero Natália. Anapinda sedula bwinobwino n'kuiika m'kachikwama ka m'chiuno. Sitima inalira patali, ogulitsa anzake anayamba kusenza madengu kuthamangira kunjanji. Iye anathyola nthochi ziwiri n'kuwapatsa.

"Mudye m'njira. Shapa za ku Mandimba zimatha msanga, musachedwe. Mukawapatse moni amayi."

Anasenza dengu lake n'kulowa m'gulu la anthu. Bambo Dinis anakhalabe pandowapo kanthawi, mpaka mayi wina wogulitsa pafupi anawauza mwaulemu kuti ndowayo ndi yake, akufuna kukatunga madzi.