Mwana wanga ankawerenga atatsinzina

Sukulu ya mkaka imene mwana wanga wotsiriza anayambira inali galaja ya nyumba ya munthu ku Dambwa North, kuno ku Livingstone, yopakidwa penti wachikasu. Pachipata panali dzina lachingerezi lalitali kuposa sukulu yeniyeniyo. Anandilozera ndi alamu anga, mlongo wa amuna anga, amene mwana wawo wamwamuna ankaphunziranso komweko. "Ba mulamu, kuja bana bamawerenga Chizungu basanasiye kukodza pogona," anatero. Ine sukulu ndinalekezera Giredi 7, ndiye nditamva zimenezo ndinangoti Ambuye alemekezeke, pamene ine sindinafike mtsikana wanga akafikepo.

Pakhoma la m'kalasi panali tchati cha timawu tachingerezi tija timapezeka patsamba lililonse la buku, timene mwana amayenera kungotiona n'kutizindikira ngati nkhope ya mnansi wake. M'mawa uliwonse ana ankaimirira, kutsinzina, kupemphera, kenako aphunzitsi ankagogoda tchaticho ndi ndodo, ana n'kuyamba: "the, and, is, go, come, see, my, good." Kaimbidwe kake kanali komweko ka pemphero. Munthu wodutsa pamsewu sakanadziwa pamene pemphero lathera ndi pamene kuwerenga kwayambira. Makolo tinkaima pampanda mitima ili mbee, ngati ana athu akulankhula ndi angelo.

Masana ena ndikukazinga zitumbuwa zokagulitsa kumsika wa ku Maramba, mwana anabwera akudumphadumpha. Anati wasankhidwa kukawerenga pamaso pa makolo tsiku la giradiyuweshoni, ndipo wowerenga bwino adzalandira mphatso. Inde, masiku ano mwana wosadziwa kumanga zingwe za nsapato amachita giradiyuweshoni, gauni ndi chipewa chomwe. "Amama, onani niwerenge," anatero. Anaima chilili, kupinda manja pachifuwa, kutsinzina, n'kuyamba kutsanula mawu aja. Atafika pa "good" anati, "Amen."

Atate ake anaomba m'manja. Inenso ndinaseka, koma pang'ono chabe. Ndinatola khala pambaula n'kulemba "go" pasimenti ya pakhonde.

"Nanga ili ni liwu lanji, mwanangu?"

Anayang'ana pansi, anayang'ana ine, kenako anatsinzina n'kuyamba, "the, and..."

"Iyayi, ili lokha."

"Amama, imwe simudziwa. Sitiyambira pakati."

Zitumbuwa zinapserera ndili chiyang'anire khala lija. Mwezi wa Januwale mwanayu ankayenera kulowa Giredi 1, kumene ana ndi ambiri moti mphunzitsi mmodzi sangayang'ane pakamwa pa aliyense. Ndimadziwa mmene zimathera, chifukwa ndinakhalapo pabenchi yakumbuyo. Mwana amene amangotsatira mawu a anzake amakwera makalasi ngati katundu, mpaka tsiku limene amupatsa pepala ali yekha.

M'mawa mwake ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita kwa mwini sukuluyo, amene ankafuna tizimutchula kuti ba Dairekita. Ndinawapeza atakhala pansi pa fani, wigi kufika m'chiuno, zikhadabo zoti sangasende nazo ngakhale mtedza. Ndinawafotokozera mwaulemu zimene ndinaona pakhonde.

"Manje vuto ni chani, ba mayi? Mwana wanu ni wanzeru maningi. Tchati yonse ili mumutu."

"Mumutu ilimo, ba Dairekita. Koma m'maso mulibe."

Anaseka, n'kuyang'ana mapazi anga afumbi. "Imwe munafika giredi chani?"

Ndinawauza.

"Ehe. Siyani ise tigwire nchito yathu. Mwabweretsa muyezo wa mutu wa mwana? Bosoka visote balindira."

Ndinatuluka ndikupempha Mulungu kuti agwire lilime langa, ndipo analigwiradi, ngakhale linkamupulumuka mpaka pachipata. Mutu wa mwana ankaufuna, inde, koma kunja kwake kokha, pokhala chipewa.

Apa ndiyenera kuthokoza amuna anga. Amagwira ntchito yosamalira maluwa pa loji ina ya ku Nakatindi, ndipo nditawauza maganizo anga anayamba kundibweretsera makatoni otayidwa kukhitchini ya kumeneko. Ndinawadula timakadi, khadi lililonse liwu limodzi, zilembo zazikulu. Ndikaweruka kumsika, ine ndi mwana tinkakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumasakaniza makadiwo kuti asadziwe lotsatira. Atate ake akatipeza ankaima manja m'chiuno. "Mayi wa m'gulu la amayi a pa tchalitchi ayamba njuga! Nikauze ba Abusa?" Koma anali iwo omwe amene anandigulira cholembera chakuda chija chosafufutika.

Poyamba inali nkhondo. Ndikatulutsa khadi, zikope zake zinkatsika zokha ngati za nkhuku. "Tsegula maso. Kutsinzina n'kwa Mulungu, pepala limafuna maso." Ankalira, ankandiuza kuti ine si ticha, ndilibe ndodo, ndimanunkha mafuta a zitumbuwa. Zonsezo zinali zoona. Ndinamata "go" pachitseko chotulukira, "see" pagalasi, "my" pa kapu yake yapulasitiki kuti azichimwene ake asamwerepo. Lija la "my" analidziwa msanga chifukwa linkamupindulira. La "the" linativuta tonse, popeza palibe chinthu m'nyumba chimene ungalimatepo, ndipo ine sindikanatha kumuuza kuti limatanthauza chiyani. Ndinangoti ndi mlendo amene amabwera tsiku lililonse, umudziwe nkhope basi.

Tsiku lina anatola khadi yekha, kuliyang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Amama, iyi ni good. Ili na maso awiri pakati, siyitsinzina." Ndinalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu, n'kugwada pambali pa bedi.

Giradiyuweshoni inachitika kutentha kuja kwa Livingstone kusanathe, mvula ikungolonjeza. Anamanga tenti pabwalo, anabwereka zokuzira mawu, keke inali ndi nsanjika ngati ya ukwati. Ana anatuluka m'magauni akuda akukoka pansi, zipewa zikugwera pamphuno, thukuta lili kamukamu. Makolo anakweza mafoni m'mwamba, aliyense akuona mwana wake kudzera m'kagalasi.

Ba Dairekita anali atasindikizitsa tchati chatsopano m'tauni, chachikulu, chonyezimira. Pakati pake panali chithunzi chawo, wigi ndi zonse. Kuti chithunzicho chikwane, wosindikiza uja anasuntha mawu, lina uku lina uko, monga mmene malo analolera. Palibe amene anaona vuto, chifukwa pasukulu imeneyo tchati sichinali choyang'ana.

Aphunzitsi anagogoda liwu loyamba pamwamba. Linali "good". Ana onse, maso ali tsinzi, anakuwa kuti "the!" Makolo anaimba nthungululu. Kenako, mochedwa, kamawu ka mwana wanga, amene anamupatsa maikolofoni, kanamveka m'chokuzira mawu: "good." Ndodo inapita pa "come", gulu linati "and!", mwana wanga anati "come." Ankachedwa chifukwa ankayamba wayang'ana. Anthu anayamba kuseka. Bambo wina kumbuyo kwanga anati, "Aka kamwana kasokoneza banzake, ni ka ndani?" Ndinati ni kanga, ndipo sindinatembenuke. Aphunzitsi anamuthyolera diso, koma iye sanaone, maso ake anali pandodo. Atafika pa liwu lachinayi anamulanda maikolofoni n'kupatsa msuweni wake, mwana wa alamu anga uja, amene chipewa chinali chitamuphimba nkhope yonse kufika pachibwano. Mnyamatayo anawerenga tchati chonse ali m'kati mwa chipewa, mokweza, mopanda kuphonya, ndipo mphatso ya wowerenga bwino inapita kwa iye. Ndilibe naye mlandu mwanayo, ndi mwana wanga yemwe. Anachita zimene anaphunzitsidwa.

Alamu anga anabwera ndi keke papepala. "Musadandaule ba mulamu, bana benangu bamachedwa chabe. Mumupempherere."

"Nimamupempherera," ndinatero. Lilime lija Mulungu anali nalonso ntchito tsiku limenelo.

Mwana analira kuyambira pachipata mpaka pamene tinakwera minibasi. "Ni imwe amama. Makadi yanu yanilakwitsa. Bonse banaseka." Ndinamupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi ungamuuze bwanji kuti tenti yonse inalakwa, iye yekha ndiye anakhoza? Mumtima ndinkaopa kuti mawa adzabwerera kukutsinzina kwake, poti n'kumene kuli keke ndi m'manja.

Tinakhala kuseri kwa dalaivala, iye pamiyendo panga, gauni itapindidwa m'pulasitiki. Pamwamba pa galasi lakutsogolo panali kapepala komata, kofwifwa ndi dzuwa. Ndinamva kusisima kwake kukuchepa. Anatukula chala.

"Amama, iyo ni is." Anasuntha chala. "Iyo ni good. Manje yoyamba ni chani? Ili monga good koma ili na diso imodzi."

Ndinamuuza kuti limenelo ndi dzina la Mulungu m'Chingerezi. Anayambira kumanzere, chala chili m'mwamba, liwu ndi liwu, mamina akadali pamlomo: "God... is... good."

Kondakitala anatembenuka ali chipachikire pakhomo. "Ah ah, ba sisi, aka kawerenga zoona? Ine nakwera motoka iyi chaka chonse, nenze kuganiza ni dzina ya bene bake."

Anthu anaseka, koma kuseka kwina, ndipo mwana anakumva kusiyana kwake. Anayamba kusakasaka mawu ena pamipando, pamashopu, pamsana pa malaya a munthu amene anakhala kutsogolo. Ena ankawadziwa, ambiri ayi, ndipo aliwonse ankandifunsa mpaka tinapitirira potsikira pathu.

"Amen" ya tsiku limenelo ndinanena ndine, chamumtima, maso ali chitsegulire kuti kondakitala asatifikitse kumapeto kwa Dambwa.