Mazira oyera a bambo Chikuse

Bambo Laison Chikuse a kwa Chimwaye, kufupi ndi Nsaru, sakhulupirira chinthu asanachigwire ndi manja awo. Akagula feteleza amabaya thumba ndi waya kuti aone ngati pansi pake palibe mchenga. Tsiku lina abusa atalengeza kuti denga la tchalitchi lifuna malata makumi anayi, iwo anapita ndi chingwe kukayeza okha, ngakhale kuti ndi mkulu wa mpingo ndipo anali nawo pa msonkhano umene unagwirizana zimenezo. Ine ndakhala nawo moyandikana zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kumene anatengera khalidweli. Anagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti ina ya ku Kabudula, kumene anaona miyala, zitsotso ndi nsanza zikutuluka m'mabelo a anthu ooneka aulemu wawo.

Atabwerera kumudzi ankalima fodya wawo, koma anamusiya mu 2009. Mitengo yomangira zigafa inali itatha m'dera lonse. Yomwe inatsala inali mikuyu ndi katope za m'mbali mwa kamtsinje kodutsa kumapeto kwa munda wawo, zimene malemu bambo awo anazisiya dala kuti madzi asamaphwe. A Chikuse anamanga khola n'kuyamba kuweta nkhuku zofiira zoikira mazira, zija aliyense amazidziwa. Chakudya chake ankasakaniza okha: chimanga, gaga, soya ndi nyenyeswa za usipa. Akazi awo, mayi Regina, ndiwo ankapita ndi mathireyi kumsika wa Nsaru.

Mu 2016 mvula inadula chimanga chisanakhwime. Nkhokwe sinadzaze, koma nkhuku sizidziwa chilala, zinkangodya monga mwa masiku onse. A Chikuse anayamba kuyang'ana mitengo ya kumtsinje ija ndi diso lina. Anaganiza zoigwetsa kuti atsegule dimba la chimanga chothirira, mpaka nkhwangwa ananola.

Sabata yomweyo kunabwera mlamu wawo Monica, mng'ono wa mayi Regina, amene ankagwira ntchito pa famu ina ya nkhuku cha ku Njewa. Iye anati pafamupo akugulitsa misoti yoyera.

"Zimadya pang'ono, alamu, koma kuikira kwake simungakhulupirire," anatero Monica.

"N'zoona sindingakhulupirire. Ngati n'zabwino chomwecho, eni ake akuzigulitsiranji?"

"Mazira ake ndi oyera. Anthu a m'tauni akuwakana."

A Chikuse anaseka. Anati zosankha mtundu wa chigoba ndi matama a m'tauni, munthu wakumudzi amangofuna dzira. Komabe zakuti zimadya pang'ono anafuna kuziona ndi maso awo. Anatenga misoti makumi awiri yokha, anagawa khola pakati ndi bango, uku zoyera, uku zofiira makumi awirinso za msinkhu womwewo. Chakudya ankayeza ndi chitini chimodzi chomwecho, n'kumalemba mizere ndi khala pakhoma.

Patatha mwezi, mizere ija inaonetsa kuti pamene zofiira zatha zitini zisanu ndi zitatu, zoyera zatha zisanu ndi ziwiri, koma mazira a zoyera ndiwo ankachulukirapo. Iwo anakayika. Anati mwina makoswe akudya mbali ya zofiira, choncho anatchera misampha. Kenaka anati mwina zoyera zikutulutsa mitu m'mipata ya bango n'kumaba kwa zinzake, choncho anamata bangolo ndi dothi. Mwezi wachiwiri unatuluka chimodzimodzi. Ngakhale zitosi zochotsa mbali ya zoyera zinali zocheperapo.

Anandiitana kuti ndidzaone khomalo. "Aneba, khola lonseli litakhala la zoyera, munda womwe ndili nawowu ukwanira. Mitengo ija sindigwetsa." Nkhwangwa anaibwezera m'nyumba, ndipo anatuma Monica kuti abweretse misoti ina makumi atatu.

Vuto linatulukira kumsika. Mayi Regina atavundukula thireyi yoyamba, anthu anaunjikana, koma osati kudzagula.

"Kodi awa ndi a bakha?"

"Mwawachapa ndi mankhwala oyeretsera zovala eti?"

Wakabaza wina anati anamva kuti kunja kuli makina opanga mazira apulasitiki, ndipo amaoneka chomwecho ndithu, oyera mbee ngati choko. Mayi wina anakoka mwana wake n'kunena kuti dzira lopanda magazi pachigoba silingapatse mwana magazi. Panabweranso agogo ena amene anaganiza kuti ndi mazira a nkhuku zachikuda, popeza nawonso amayererako. Anasankha asanu ndi limodzi kuti akaikire nkhuku yawo yofungatira. Mayi Regina atawauza kuti kukhola kulibe tambala ndipo sangaswe, agogowo anawabweza limodzilimodzi, uku akuwayang'ana mayiwo kumaso ngati awagwira akuba.

Mathireyi ofiira ankatha dzuwa lisanafike pamutu. Oyera ankabwerera kunyumba. A Chikuse anayamba kugawira anansi. Ine ndinalandira khumi, ndipo ndivomere, loyamba ndinapatsa galu n'kumuyang'anira tsiku lonse.

Ndiye mwezi wa Seputembala zinthu zinangosintha. Mayi Regina anayamba kubwera ndi mathireyi opanda kanthu, onse. Mwamuna wina akanangothokoza. A Chikuse anayamba kuwerenga zizindikiro. Mayiwo ankanyamuka m'mamawa kuposa kale, chonsecho mtunda ndi womwewo. Masamba a tiyi ankatha msanga m'nyumba ya anthu awiri. Ndipo m'mbali mwa zikhadabo zawo munali kufiirira kosachoka ndi sopo.

"Amake Hannah, kodi oyerawa akuwagula ndani masiku ano?"

"Anthu."

"Anthu ake ati? Omwe aja ankati ndi apulasitiki?"

"Azolowera. Inu mumafuna azingobwerera?"

Tsiku la msika lotsatira anawasiya anyamuke, kenaka anatenga njinga n'kumatsatira chapatali. Pa mphambano ya kuchigayo mayi Regina sanalowere kumsika. Anakhotera kwa mayi Febe, mnzawo wa m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi. A Chikuse anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango n'kuzungulira kuseri kwa khitchini.

Anapeza beseni lalikulu lodzaza tiyi wakuda bii, wozizira. Amayi awiriwo ankamizamo mazira oyera, n'kumawatulutsa atafiirira, n'kuwayanika pa thandala la mbale. Amene anali atauma kale munthu sakanawasiyanitsa ndi a nkhuku zofiira.

Mayi Febe ataona a Chikuse anagwetsa dzira, n'kulowa m'nyumba osapereka moni. Mayi Regina sanathawe. Anapukuta manja pachitenje.

"Mwanditsatira ngati mbala, bambo a Hannah."

"Nanga ichi n'chiyani? Si kunamiza anthu kumeneku?"

"Ndawanamiza chiyani? Akufuna dzira, ndikuwapatsa dzira. Mkati mwake sindinakhudzemo. Inu mumakhala kukhola ndi chitini chanu, amene amatukwanidwa kumsika ndine. Tsiku lina munthu anandifunsa ngati ndimawatenga kumanda."

 A Chikuse anangonena kuti lero likhale lomaliza. Koma aja anali atamizidwa kale anawalola kuti apite kumsika, ndipo pambuyo pake ankati kulakwa kwawo kwenikweni kunali pamenepo.

Iwo sankadziwa, ngakhalenso amayiwo, kuti dzira likanyowetsedwa silichedwa kuwonongeka, makamaka kukatentha. Mathireyi awiri a tsiku limenelo anagulidwa ndi a Elias Mphadzula, mwini tiyirumu ya pafupi ndi siteji, amene amakazinga mazira oikira m'buledi. Iwo anawasunga pashelefu masiku angapo m'chipinda chamalata. Ataswa loyamba m'chiwaya, fungo linathamangitsa makasitomala. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofufuza, anapukuta lina ndi kansalu konyowa, ndipo kufiira kuja kunatsalira pansalu.

A Mphadzula anatuluka nalo dziralo m'manja mpaka pakati pa msika. Pofika masana Nsaru yense anali atamva kuti kwa Chikuse amapenta mazira. Ena anati ndi penti wa zitseko, ena anati ndi magazi a nkhumba. Kuyambira tsiku limenelo wogula aliyense ankayamba walavulira pachala n'kutikita chigoba, ngakhale kwa ogulitsa ena amene nkhuku yoyera sanaionepo. Ogulitsawo anakwiya kwambiri. Mayi Regina anakhala milungu itatu osaponda kumsika, ndipo kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo.

A Chikuse anavala jekete lawo la Lamulungu, anamanga thireyi ya mazira oyera panjinga osaiphimba, n'kudutsa nayo pakati pa msika kupita kutiyirumu.

"A Mphadzula, khola ndi langa, mlandu ndi wanga. Unali tiyi, si penti. Anavunda aja ndabweza ndi awa."

"Oyerawa? Mukufuna munditsekeretu bizinesi?"

"Ndipatseni mbale ziwiri."

Anatenga dzira lofiira pashelefu ya a Mphadzula ndi loyera pathireyi yawo, anawauza kuti atembenuke, n'kuswa lililonse m'mbale yake. Zigoba anabisa m'thumba la jekete. A Mphadzula anayang'ana, ananunkhiza, anapendeketsa mbale zija kuwindo. Analoza ya kumanzere kuti ndiyo ya loyera. Anaphonya. Anati abwerezenso chifukwa mwina a Chikuse asinthanitsa mbale, ndipo ulendo uno anaswa okha a Chikuse atatembenuka. Nawonso a Chikuse anaphonya.

"Chabwino," anatero a Mphadzula. "Kasitomala wanga amaona dzira litapsa kale. Ndizitenga. Koma muzilowera khomo lakuseri, ndipo zigoba muzibwerera nazo kwanu. Munthu asadzazione padzala langa."

Umu ndi mmene mazira oyera a bambo Chikuse anapezera msika: kudzera kumakomo akuseri. Pambuyo pa a Mphadzula panabwera amayi awiri ophika masikono, kenaka wophika wa pasukulu ina yogonera komweko. Onsewa ankafuna chinthu chimodzi, kuti anthu asadziwe. Pa benchi ya kumsika, pamene munthu amasankha ndi maso ake, oyera sanayendepo mpaka lero.

Choncho khola lonse silinakhale la zoyera monga ankafunira. Linakhala theka zoyera, theka zofiira, ndipo chimanga chinapitirira kuperewera. Chaka chotsatira anagwetsa katope ziwiri n'kutsegula kadimba kakang'ono. Mikuyu anaisiya. Ndinawathandiza kudula nthambi tsiku limenelo. Titamaliza anati, "Mitengo iwiri yagwa chifukwa cha chinthu chimene munthu amaswa n'kutaya."

Famu ya ku Njewa ija inasiyiratu zoyera, moti a Chikuse misoti amachita kuisakasaka, nthawi zina mpaka miyezi. Akaipeza amaibweretsa okha pa minibasi, katoni ili pamiyendo, chifukwa kondakitala samukhulupirira.

Mwezi wathawu ndinapita kukabwereka pampu yopopera mbewu, ndipo ndinawapeza ali pakhonde akumwa tiyi. Mayi Regina anabweretsa mazira owiritsa atatu m'mbale, awiri oyera, limodzi lofiira. Anandipatsa loyera, amuna awo loyera, iwo n'kutenga lofiira. A Chikuse anaima dzira lili m'manja.

"Amake Hannah, dzulonso munatenga lofiira."

"Ee."

"Dzananso."

"Ee. Ine oyerawo sindinadyepo chiyambire."

"Zaka zonsezi? Inu amene munkauza anthu kuti mkati mwake ndi chimodzimodzi?"

"Ndi chimodzimodzi, ndikudziwa," anatero mayi Regina uku akusenda lawo. "Koma mtima sundilola. Idyani lanulo lisanazizire."