Tsiku limene lole inandisiya chagada pamsewu

Nthawi ya chitaganya ndinkayendetsa lole yakale ya mmwenye wina amene anali ndi sitolo pafupi ndi msika wa ku Lilongwe. Handibuleki yake inali itasiya kugwira, moti ndikaima ndinkangotsamiza mwala patayala.

Tsiku lina bwanayo anati tiipititse ku galaja. Ine, pofuna kuoneka wodziwa, ndinati, "Musavutike bwana, kabuleki aka ndikonza ndekha."

Ndinaimika lole pamtsetse wopita kumtsinje, n'kutsamiza mwala patayala, n'kulowa kunsi ndi sipanala. Ndinapeza nati yokhwefuka ndipo ndinaimanga zolimba. Nditatuluka ndinakoka handibuleki, n'kukankha mwala uja ndi phazi. Lole sinasunthe. Amayi ogulitsa mtedza ankandiyang'ana, ndiye ndinalowanso kunsi kuti aone kuti ntchitoyi si yamasewera.

Ndili chigonere chagada ndinakoka waya wa bulekiyo kuti ndimve mmene wakungikira. Sindinadziwe kuti anali atadyeka ndi dzimbiri. Anadukira m'manja mwanga, ndipo ndinangoona kwawala. Lole inali itadutsa pamwamba panga, ikutsetsereka yokha, mpaka inakagwera m'ngalande osapweteka munthu.

Amayi aja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bwana anafika akuthamanga.

"Adalaivala, vuto mwalipeza?"

"Ndalipeza bwana, ndi ili," ndinayankha ndidakali pansi, ndikuwaonetsa chiduswa cha waya.

"Chabwino. Tsopano dzukani mukapeze lole."

Tinaizula madzulo ndi ng'ombe za munthu wina wa ngolo, ine ndili pachiwongolero, anthu a pamsika akundiombera m'manja.