Abiti Wadi ndi Ndevu za Sulutani

Anthu amene ankagula nsomba zowamba pamsika wa Mangochi m'zaka za m'ma 1980 ankamudziwa kuti Abiti Wadi, mayi wamfupi, wa mawu otsika, amene sankaseka ndi ogula. Dzina lake linali Zena. Anabadwira ku Katuli, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo anakwatiwa akadali mtsikana ndi Che Uladi, munthu wofatsa amene ankasamala hatchi pa esiteti ya fodya ya Mgiriki wina, Bwana Manoli.

Hatchiyo inali imodzi yokha m'dera lonselo. Inali yamphongo, yofiirira, ndipo Uladi anaitcha Sulutani. Ankaipesa m'mawa uliwonse, kuichotsa nkhupakupa, kuidulira udzu wakudambo, n'kumalankhula nayo m'Chiyao ngati mwana. Zena sankaikonda. Ankauza amayi anzake kuchitsime kuti mwamuna wake anakwatira kukhola, kunyumba amangobwera kudzasamba. Iyenso ankagwira ntchito pa esitetipo. Ankachapa zovala za kunyumba kwa bwana, pamodzi ndi bulangete lokhuthala limene ankayala pamsana pa hatchi asanaike chishalo.

Kapitawo wa esitetiyo anali Kingstone, wochokera ku Ntcheu. Analinso wapampando wa nthambi ya chipani pamalopo, choncho ngakhale Bwana Manoli ankalankhula naye mosamala, chifukwa masiku amenewo mlendo akanenezedwa ankatha kuthamangitsidwa m'dziko osalongedza ndi katundu yemwe. Kingstone anaphunzira kukwera Sulutani poyendera minda, ndipo ankakonda kuti antchito azimuyang'ana m'mwamba.

M'chilimwe cha 1974 kunamveka kuti kuboma kudzakhala chionetsero cha zaulimi, ndipo kudzabwera mlendo wolemekezeka wa chipani. Bwana Manoli anali kudwala msana. Anagwirizana kuti Sulutani apite, ndipo wodzamukwera pamaso pa anthu akhale Kingstone.

Kutatsala masiku ochepa, Kingstone anafika kukhola ndi sizasi. Antchito angapo anali pomwepo akusula makasu.

“Iwe Uladi, igwire mutu. Ndikufuna kudula tindevu iti tapakamwa ndi tam'maso. Ku Zomba ndinaona hatchi za azungu, kukamwa kumakhala kosalala.”

“A Kapitawo, chonde musadule,” anatero Uladi. “Hatchi siona chimene chili pansi pa mphuno yake. Imafufuza ndi ndevuzi. Zam'masozo zimaichenjeza isanadzibaye ndi mtengo.”

“Sindinakufunse. Ikaoneke ngati tonde pamaso pa mlendo?”

“Ndiipesa, ndiipaka mafuta, iwala. Koma ndevu zisiyeni.”

Kingstone anakweza sizasi ija. Uladi, amene anali asanakwezepo dzanja kwa munthu, anamugwira pamkono n'kuutsitsa. Sanamukankhe, anangougwira. Koma antchito aja anasiya kusula, ndipo mmodzi anaseka.

Nkhani inafika kwa Bwana Manoli, amene anangoti achite zimene kapitawo akufuna. Ndevu za Sulutani zinadulidwa tsiku lomwelo, Uladi atagwira chingwe, nkhope atayang'ana kumbali. Aliyense ankaganiza kuti zathera pamenepo.

Lachisanu lotsatira, anthu akutuluka mumzikiti, anapeza anyamata achipani atayima pamsewu pamodzi ndi Kingstone. Zena anali tsidya lina la msewu akugula mchere, mwana wake Alima ali kumbuyo. Anamva Kingstone akunena mokweza kuti pa esiteti pali munthu wokonda ndevu kwambiri, ndipo anthu osunga ndevu zazitali ndi amene amabisa zigawenga zochokera kutsidya kwa malire. Ku Mangochi nthawi imeneyo mawu akuti chigawenga ankatseka pakamwa pa aliyense.

Anyamata aja anamukhazika Uladi pansi pafumbi. Awiri anamugwira mikono, wina anamugwira mutu monga momwe iye anagwirira hatchi. Anamumeta ndevu ndi lezala yakale, popanda madzi kapena sopo. Ndevuzo anali atazisunga kuyambira tsiku la ukwati wake. Lezala inamucheka pachibwano ndi pakhosi, magazi anadontha pa mkanjo wake woyera umene Zena anasita m'mawa womwewo. Akuluakulu a mzikiti anayang'ana pansi. Atatha, Kingstone anati, “Tsopano nonse awiri mukufanana. Mukhoza kupita kuchionetsero.”

Zena sanalire. Anamaliza kugula mchere uja, nabwerera kunyumba kudzera njira ina.

Madzulo amenewo anatenthetsa madzi n'kumamutsuka mabala mwamuna wake. Uladi sankamuyang'ana.

“Mutani naye munthu ameneyu, bambo a Alima?”

“Nditani? Mulungu ndiye adzaweruze.”

“Mulungu ali ndi milandu yambiri. Wanuwu adzaufika liti?”

“Usalankhule choncho, Zena. Ndevu zimamera.”

“Anthu aja anaona. Zimene anaonazo sizidzachoka.”

M'mawa mwake Uladi anamanga kansalu kuchibwano n'kupita kukhola monga mwa masiku onse, ndipo atakumana ndi Kingstone anamupatsa moni. Zena anaona moni umenewo ali pa chingwe choyanikira zovala, ndipo unamupweteka kuposa lezala ija.

M'mbali mwa kamtsinje kumene ankachapira munali chitedze, chomera choyanga chimene makoko ake amakhala ndi ubweya woyabwa koopsa. Chinali chitauma bwino. Zena anapita masana dzuwa lili pamutu, nthawi imene kunalibe amayi ena. Anakulunga manja ndi masanza, nathyola makoko, napalira ubweya wake m'kachitini ka fodya wa bwana. Pang'ono unamuulukira pakhosi ndipo anadzikanda mpaka kutupa, koma sanasiye.

Bulangete la hatchi analichapa bwino kuposa kale. Litauma, anawaza chitedze chija pakati, mbali yokhudza msana, nachipaka ndi kamtengo kuti chilowe mu ulusi. Analipinda mwakuti wonyamula agwire m'mphepete mokha. Ankadziwa kuti hatchi ikayamba kutuluka thukuta ndi munthu pamsana, ubweyawo udzalowa pakhungu. Ankadziwanso kuti woyala bulangetelo adzakhala mwamuna wake. Anaziganizira zimenezo, nalipereka.

Tsiku la chionetsero anatsika phiri pa lole ya esiteti, hatchi kumbuyo ndi Uladi, amayi ovina atakhala pa matumba. Zena anali mmodzi wa iwo, atavala nsalu ya chipani ngati anzake. Kubwalo kunali ng'ombe, mbuzi, milu ya chimanga ndi maungu, ndiponso anthu ochokera kwa Mponda ndi kunyanja konse, ambiri a iwo asanaonepo hatchi. Kunkatentha.

Kingstone anavala malaya atsopano ndi chipewa. Anakwera, nayamba kuzungulira bwalo pang'onopang'ono, anthu akuomba m'manja. Ulendo woyamba unatha bwino. Zena ankaimba ndi anzake, maso ali pa msana wa hatchi pamene ubweya unayamba kuda ndi thukuta. Pa ulendo wachiwiri Sulutani anayamba kugwedeza khungu ndi kupukusa mchira. Kingstone anamumenya ndi kachikwapu. Atafika kutsogolo kwa msasa wa alendo, pamene Kingstone anavula chipewa kuti apereke ulemu, hatchi inaimirira ndi miyendo yakumbuyo, kenako inaponya matako m'mwamba.

Kingstone anagwa chammbali, phazi limodzi litakodwa m'chopondera cha chishalo. Hatchi inamukoka pafumbi kudutsa pamaso pa alendo onse mpaka nsapato inavuka. Anthu anabalalika. Sulutani anathyola mpanda wa nsungwi, nagwera m'ngalande kuseri kwa bwalo. Pamene Uladi anafika, mwendo wakutsogolo wa hatchiyo unali utathyoka, fupa lili panja. Wapolisi anabwera ndi mfuti. Uladi anapempha kuti ayambe wamasula chishalo.

Zena anaima patali n'kumaona. Anaona mwamuna wake akuchotsa bulangete lija, akulikumbatira pachifuwa, kenako akuyamba kudzikanda m'mikono. Anamuona akuliyang'ana nthawi yaitali, natembenuka kufunafuna pakati pa amayi ovina mpaka maso awo anakumana. Mfuti italira, Uladi anayenda ndi bulangetelo kupita kumtsinje wa Shire, ndipo anabwerako chimanjamanja.

Kingstone anathyoka m'chiuno. Ali m'chipatala ananena kuti Uladi analodza hatchi pofuna kubwezera. Tsiku lachiwiri apolisi anabwera kudzamutenga Uladi. Sanamuzenge mlandu. Anangomusunga dzinja lonse, akumufunsa zimene anaichita hatchi ndi amene anamutuma. Iye ankayankha kuti nyamayo inachita mantha ndi ng'oma.

Zena anachotsedwa ntchito ndi m'nyumba ya esiteti. Anabwerera kwa amayi ake ndi mwana, nalima yekha. Achibale ankamumvera chisoni ngati mkazi wa munthu wonamiziridwa, ndipo iye ankalandira chisonicho osanena kanthu. Kawiri anayenda wapansi mpaka kuboma ndi chakudya, koma apolisi sanamulole kuonana ndi Uladi.

Uladi anatuluka anthu atakolola kale. Anali woonda, mano awiri akutsogolo palibe. Anadya, anasamba, ndipo anadikira mpaka apongozi ake atapita kumunda.

“Bulangete lija unachapa ndiwe.”

“Ndine.”

“Sulutani anakulakwira chiyani?”

“Sanandilakwire. Koma munthu uja sindikanamufikira ndi manja angawa. Anali pamwamba pa hatchi.”

“Nanga ine? Unadziwa kuti adzagwira ine.”

“Ndinadziwa kuti mwina adzatero.” Zena anapitiriza kusankha nyemba m'lichero. “Munali mutagwidwa kale, bambo a Alima, tsiku lija pamsewu. Inu munamupatsa moni m'mawa mwake. Ine sindikanatha.”

“Ukumva chisoni?”

“Ndi mano anuwo, inde. Ndi mwendo wa kapitawo uja, ayi.”

Uladi sanamusudzule, ndipo sanauze munthu. Anapita ku Monkey Bay kumene anapeza ntchito ya ulonda pa nyumba yosungira katundu pafupi ndi doko. Ankabwera pa chikondwerero cha Idi kudzaona Alima, akugona kwa mbale wake. Ndi Zena ankapatsana moni waulemu ngati anthu apachibale chakutali. Anamwalira ndi chifuwa patapita zaka zingapo, ndipo Zena anasunga masiku a maliro onse monga chipembedzo chimafunira.

Pambuyo pake anasamukira kwa Mponda n'kuyamba geni ya nsomba. Sanasankhe malowo mwangozi. Anali atamva kuti Kingstone, amene sakanathanso kuyendera minda, anasiya esiteti ndipo chipani chinamupatsa ntchito yoima pachipata cha msika wa Mangochi kuona ngati olowa ali ndi makadi achipani. Ankayenda chokoka mwendo, atatsamira ndodo, ndipo nyengo yozizira ankakhala pa kampando nkhope itakwinyika.

M'mawa uliwonse Zena ankafika ndi dengu pamutu, kutulutsa khadi lake pa mfundo ya chitenje, n'kugwada pang'ono.

“A Kapitawo, mwendowo wadzuka bwanji lero?”

Poyamba Kingstone sanamuzindikire, ndipo ankayankha ngati kwa munthu wachifundo. Wina atamuuza kuti ameneyo ndi mkazi wa Uladi wa hatchi, anasiya kuyankha. Zena sanasiye kufunsa. Khadi lake linali lolondola nthawi zonse, ulemu wake unali wokwanira, ndipo panalibe mlandu umene akanamupezera. Amayi ena amsika anatengera funsolo osadziwa chiyambi chake, mpaka ana otumidwa tomato ankamufunsanso za mwendo.

Zinthu zitayamba kusintha mu 1993, anthu anasiya kuonetsa makadi. Kingstone ankakhalabe pachipata chifukwa analibe kwina kopita, anthu akumudutsa ngati chitsa. Tsiku lina Zena anatula dengu lake pafupi ndi kampando kaja nakhala pansi.

“Munatsekeretsa munthu wosalakwa, a Kapitawo. Che Uladi sakanaipweteka hatchi ija ngakhale mukanamudula khosi. Chinali chitedze, m'bulangete. Ndinaika ndine.”

Kingstone anamuyang'ana. “Mayi, mukudziwa kuti ndikhoza kukunenezani?”

“Kwa yani?”

Kingstone anayesa kuimirira, ndodo inaterereka, ndipo anakhalanso. Zena anasenza dengu lake n'kulowa mumsika.

Mwezi womwewo Kingstone anabwerera kwawo ku Ntcheu. Zena anasiyira mnzake nsomba, napita kudepoti. Anaima pamthunzi n'kuonerera kondakitala ndi munthu wina akumukweza pa masitepe a basi, mmodzi atamugwira m'khwapa, wina akukankha mwendo wouma uja. Basi itanyamuka anabwerera kumsika.

Anagulitsa nsomba zaka zina zingapo, kenako maso anayamba kumuvuta ndipo Alima anamutengera kwake ku Malindi. Kumeneko ankakhala pakhonde akusenda chinangwa, ndipo adzukulu ake ankamuopa pang'ono.