Zimene Wailesi Anakana Kunena

Dzina loti Mayi Sankhani analitengera pamsika, pomwe akhala akugulitsa kaunjika kuyambira ali mtsikana. Akamasula belo amaitanira kuti "sankhani, sankhani", koma maso awo sachoka pa manja a osankhawo. Ntchitoyi inawaphunzitsa kusakhulupirira munthu. Wogula akayamikira kwambiri diresi, iwo amadziwiratu kuti m'chikwama walowetsa kale siketi. Munthu akawapatsa moni kawiri tsiku limodzi, amayamba kuganiza chimene akufuna.

Amene sankamukayikira anali mwana wawo wamkazi yekha, Wailesi, chifukwa mtsikanayu sankatha kusunga kanthu m'mimba. Ankaluka tsitsi musaluni, ndipo akaweruka ankabwera ndi nkhani za dera lonse: amene wathawidwa, amene ali ndi pakati, amene wagula sofa pofuna kupsetsa mtima mnzake. Amayi ake ankamvetsera uku akusita zovala zogulitsa mawa, ndipo kunena zoona nkhanizo zinkawakomera kuposa chakudya.

Kenako Wailesi anapita ku koleji kukaphunzira uparaligo, ntchito yolangiza anthu pa zamalamulo asanafike kwa loya kapena kukhoti. Mayi Sankhani anauza msika wonse kuti abereka loya. Poyamba nkhani zinkabwerabe. Kunali phunziro lina loti wophunzira mmodzi akhale wodandaula, wina womvetsera, ndipo womvetserayo akadula mnzake mawu ankamuchotsera malikisi. Wailesi analephera phunzirolo ulendo woyamba, ndipo m'nyumbamo munalibe amene anadabwa.

Zinthu zinasintha atamutumiza kukayeserera ntchito ku kaofesi kauphungu kuseri kwa msika, kachipinda ka mabenchi awiri ndi chitseko chamkati chimene chimatsekedwa munthu akalowa.

"Lero kunabwera ndani?" anafunsa amayi ake madzulo ena.

"Anthu, amayi."

"Anthu opanda maina?"

"Zimene tamva mmenemo zimatsala mmenemo. Ndikangoulula, sukulu yathera pomwepo."

Mayi Sankhani sanakonde. Sukulu yanji yophunzitsa mwana kubisira mayi wake? Anaona kuti pali chinachake, koma anangoti tiona.

Tsiku lina masana akupita kwa telala kukaikitsa zipi, anaona mpongozi wawo akutuluka mu ofesi ija. Anali mkazi wa mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa minibasi, ndipo banjalo linkakhala m'nyumba yogundizana khoma ndi yawo. M'mawa umenewo mpongoziyo anatsanzika kuti akupita kusikelo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukokera mpango kumaso, n'kulowa m'kanjira ka ogulitsa makala.

Mayi Sankhani anaiwala za zipi. Ankadziwa akazi angapo amene analowapo pakhomo limenelo, ndipo mapeto ake ukwati unatha, ana n'kupita ndi amayi awo. Adzukulu awo awiri ndiwo anali moyo wawo. Belo lililonse, tizovala tabwino kwambiri sitinkafika pabenchi, tinkapita kwa anawo.

Anayamba kulondalonda. Mpongozi akachapa mabulangete, iwo ankati akukonzekera ulendo. Akayankha foni kuseri kwa bafa, ankati pali mwamuna. Anakayikira amake a mpongoziyo, anakayikira mzimayi wa kutchalitchi amene ankabwerabwera, anakayikira ngakhale telala. Koma amene anawawawa kwambiri anali Wailesi, yemwe ankadya nawo mbale imodzi akudziwa zonse.

Anamuyesa ndi zabwino kaye. Anamusungira jekete lakuda loyenera muofesi, n'kumuveka okha.

"Alamu ako amadzatani kuntchito kwanu?"

"Sindinganene kuti anabwera kapena sanabwere."

"Ndinawaona ndi maso angawa."

"Ndiye afunseni eniake, amayi. Ndipo nkhani ya wachibale satipatsa kuti tiigwire."

"Koma makutu sakulandani. Mwamuna wakeyo ndi mchimwene wako, mimba imodzi. Ana aja akachoka pano udzati chiyani?"

Munthu amene anabadwa wolongolola, kukhala chete kumamupweteka ngati dzino. Wailesi anavula jekete lija, n'kuliika pampando, misozi ili m'maso. Kuyambira tsiku limenelo amayi ake anasiya kumuyankha moni.

Kufunsa mwini wake anayesa ndithu. Anafika pakhomo pa mpongozi mawu ali okonzeka kale. Mtsikanayo anawalandira mwaulemu, atavala juzi ya manja aatali dzuwa likuswa mtengo, akunyamula mpando ndi dzanja limodzi. Mayi Sankhani, amene amaona siketi ili mkati mwa chikwama chotseka, anayang'ana kumbali n'kupempha mchere.

Loweruka lina atabwerako kumsika anapeza mwana wawo wamwamuna akumenya mabeseni ndi mapazi pabwalo. M'nyumba munali mbee. Mkazi wapita, ana apita. Pachingwe panangotsala mayunifomu awiri amene anali asanaume. Dalaivalayo anatukwana, analumbira kuti akangomupeza aona, kenako anatuluka kukafunsa anzake kudepoti.

Mayi Sankhani analowa m'nyumba mwawo. Wailesi anali patebulo ndi mabuku ake.

"Unkadziwa," anatero amayi ake. "Wandilanditsa adzukulu uli chete ngati mfiti."

Wailesi anatseka buku.

"Za kuofesi sindinena, amayi. Koma zimene zimamveka pakhoma ili, achimwene akamamenya alamu, si za kuofesi. Inu mumazimva, ine ndimazimva. Ana aja amathawira kuno, inu n'kumawapatsa tiyi osawafunsa chimene akuthawa."

Mayi Sankhani anafuna kumukalipira. Koma anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso. Anali atakayikira anthu onse a m'deralo kupatula mmodzi, ndipo sikuti sankadziwa. Anali mwana wawo wamwamuna, basi.

Anatuluka, n'kukaanula mayunifomu aja. Anawasita mpaka anauma, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwonjezapo majuzi awiri ochokera m'belo latsopano. Anaika zonse m'jumbo n'kuzisiya pamabuku a Wailesi.

"Lolemba kuli sukulu," anatero. "Kaya pali amene angawafikitsire."

Wailesi anasuzumira m'jumbomo. Anatsegula pakamwa, koma amayi ake anakweza dzanja.

"Usandiuze kumene ali. Mchimwene wako akabwera akulira, ine ndikhoza kunena."