Chibwano cha Amayi Anga

Ndevu zinayamba kundimera ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku Wusakile, mumzinda wa Kitwe, m'nyumba ya kumgodi kumene bambo anga ankagwira ntchito ya ukalaliki. Poyamba tinali titsitsi titatu pansi pa chibwano, takuda bii, touma ngati tiwaya. Mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi ndiye anationa, ndipo m'malo monditsina khutu analengeza m'Chibemba kuti kalasi yonse imve. Kuyambira tsikulo dzina langa kusukulu linali "ba shikulu," ndiye kuti agogo aamuna. Nditaweruka ndinalowa kubafa, n'kutenga lezala la bambo pawindo, n'kupala.

Amayi anandipeza lezala lili m'manja. Sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya, chifukwa ululu wa mbama umatha tsiku lomwelo. Anangondigwira chibwano, kuchitembenuzira kowala, n'kupukusa mutu.

"Wazichita weka," anatero. "Mukazi sagwila leza kumaso. Manje zizamela monga za atate ako, ndipo usakabwele kulila kuli ine."

Zinameradi. Zinadzaza chibwano, zinakwera m'masaya, zina zinatsikira pachifuwa. Ine ndinakhulupirira kuti ndinaziitana ndekha ndi dzanja langa, ndipo ndinakhala ndi mlandu umenewo mumtima kwa zaka zambiri. Ndikanatsutsa bwanji? Amayi anga ankadziwika kuti sanama ngakhale pa mtengo wa tomato. Makolo awo anachokera ku Malawi atanyamula Baibulo ndi simbi yositira, ndipo amayi anatengera zonse ziwiri. Anali mtsogoleri wa amayi a chigwirizano kumpingo kwathu, bulauzi yoyera mbee, duku yosakhota, nkhope yosalala ngati ya mwana. M'mawa uliwonse ankadzitsekera kuchipinda kwa theka la ola. Ankati ndi nthawi yawo ya mapemphero, choncho ine ndi bambo tinkayenda monyang'ama kuopa kusokoneza.

Sindinganene kuti sanandiyesere mankhwala. Anandipaka phulusa losakaniza ndi madzi a mandimu, linandiwaula khungu. Anandigulira kirimu wa kumsika wa m'kabotolo kopanda dzina, kirimuyo anandisiyira mawanga amene ndili nawo mpaka lero. Tsiku lina tinakwera minibasi kupita ku Bulangililo kwa mayi wina wopempherera anthu, amene anandidzoza mafuta n'kulamula mzimu wachimuna kuti utuluke mwa ine. Mzimuwo uyenera kuti sunkamva Chibemba, chifukwa pofika Loweruka ndevu zinali zabwerera zonse. Pobwerera kunyumba amayi anandilumbiritsa kuti munthu wa kumpingo asadzamve kuti tinaponda kumeneko.

Anthu nawonso anali ndi zonena zawo. Ena ankati mkazi wandevu ndi mfiti, ena ankati amalemera, ena ankati amamenya mwamuna wake. Ufiti sindinauone, chuma ndikudikirabe, koma ukali wokha ndiye ndili nawo, ndipo anandiphunzitsa ndi iwo omwewo.

Kuzula ndinadziphunzitsa ndekha. Ndinagula twiza, kachitsulo kozulira nsidze kaja, ndi kagalasi koyenda nako m'chikwama. Ndinadziwa kuti kuwala kwa pawindo kumaonetsa tsitsi limene babu limabisa, kuti ukayamba wafunditsa chibwano ndi kathaulo kotentha ululu umachepa, kuti tsitsi umalikoka kutsata kumene lagonera. M'minibasi ndinkakhala nditagwira chibwano ngati munthu woganiza za dziko, chonsecho ndikungobisa.

Nditayamba ntchito ya mu ofesi ku Ndola ndinakwatiwa ndi mwamuna amene ndevu zanga sizinkamusowetsa tulo, ndipo tinakhala ku Itawa. Panapita zaka zinayi mwana osabwera. Msambo wanga unkabwera pamene wafunira, mwina katatu pachaka, koma amayi anali atandiuza kalekale kuti zimenezo zimakhazikika zokha munthu akalowa m'banja. Achibale a mwamuna wanga atayamba kundiyang'ana pamimba asanandipatse moni, ndinapita kwa dokotala wa matenda a amayi.

Anali mayi wachikulire, wosapupuluma. Atandiyeza magazi ndi kundiunika m'mimba anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndevu, msambo wodumphadumpha, kunenepa kwa pamimba ndi kusowa kwa mwana zonse gwero lake ndi limodzi. Anati thupi la mkazi aliyense lili ndi mahomoni achimuna pang'ono, koma langa linkapanga ochuluka, ndipo n'chifukwa chake mazira anga sankakhwima mwezi ndi mwezi. Ndinawafunsa za lezala lija, ndikuyang'ana pansi ngati wakuba.

"Leza imadula chabe, siibyala," anatero adokotala. "Izi zinali kuti zimele, mugwile leza olo osagwila. Ndipo vuto iyi ikonda kuyenda mu banja. Amayi anu, ang'ono awo, kulibe wamene ali nazo?"

Ndinatuluka panja n'kuwaimbira amayi foni pomwepo.

"Amama, ba dokota bafunsa ngati kubanja kwathu kuli mukazi wina ali na ndevu, olo wamene anavutika kubala."



"Kulibe," anatero. "Ukabauze kuti kulibe."

Ndinakawauzadi choncho. Adokotala anandifotokozera kuti mapiritsi ochepetsa tsitsi alipo, koma munthu samwa akufuna pakati, ndiye ndisankhe choyamba. Ndinasankha mwana. Ndinachepetsa shuga ndi zokazinga, ndinayamba kuyenda pansi popita kuntchito, ndinamwa mankhwala othandiza mazira kukhwima, ndipo patapita zaka ziwiri ndinabereka mwana wamkazi. Atasiya kuyamwa m'pamene ndinayamba mapiritsi a tsitsi aja. Ndevu sizinathe, koma zinafewa, ndipo zinkachedwa kumera. Adokotala anandiuza kuti ndikanabwera ndili mtsikana bwenzi nditapewa zipsera ndi misozi yambiri. Ine ndinawaikira amayi kumbuyo. Ndinati ndi anthu akale, sankadziwa.

Chaka chatha amayi anagwa panja akuyanika zovala. Inali sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panakhota, mawu ankatuluka movutikira koma ankamveka. Bambo anali atamwalira kale, ndipo ine ndine mwana mmodzi yekha, choncho ndinatenga tchuthi, kusiya mwana kwa bambo ake, n'kubwera ku Kitwe kudzawadikirira kuchipatala. Wodikira wodwala ndiye manja a wodwalayo: kumusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza, kukataya beseni. Sindinadandaule, ndi amayi anga.

M'mawa wa tsiku lachitatu, ndikuwapukuta kumaso, kathaulo kanakoka pachibwano ngati kakodwa pa udzu. Ndinati mwina ndi nyenyeswa za chakudya zaumira. Tsiku lachisanu sipanafunikenso kufunsa. Ndevu zinali zatuluka chibwano chonse mpaka m'masaya, zina zakuda, zina za imvi, zouma kuposa zanga.

Ndinayesa kudzinamiza. Ndinati azimayi ambiri akakalamba amamera titsitsi pachibwano, palibe chachilendo. Koma nditawakweza mutu kuti ndiwapukute m'khosi, ndinaona pansi pa chibwano timadontho takuda, timabowo, tizipsera takalekale pamene tsitsi linamerera m'kati mwa khungu. Khungu limenelo ndimalidziwa kuposa aliyense. Silipangika m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Ndinaima pomwepo, kathaulo kali m'manja, madzi akudonthera pabedi.

Masana ake kunabwera amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, atanyamula phala m'fulasiki. Amayi anali m'tulo. Ndinawakokera pakhonde la wodi n'kuwafunsa za chibwanocho. Ndinkaganiza kuti adzidzimuka, koma anaseka chikhakhali.

"Iwe sunali kuziba? Ba sisi banayamba kuzula tikali ku sukulu. Na ambuya ako banali nazo, benze kuseka kuti niza mwayi. Atate ako ndiye benze kubagulila twiza ku tauni. Nanga uganiza benze kuchita chani kuchipinda m'mawa muli monse?"

Ndinafunsa za kubereka.

"Zaka seveni banankala kulibe mwana, iwe usanabwele. Banalila maningi. Ine nenze kuganiza banakuuza kudala, makamaka pamene iwe unavutika."

Anazinena mopepuka, ngati akunena za mvula ya dzulo, kenako analowa kukasiya phala. Ine ndinatsala pakhonde. Kunena zoona, sindinamvepo kuperekedwa ngati tsiku limenelo. Nyumba yonse inkadziwa. Bambo anga, amene ndinkawabisira chibwano patebulo chifukwa cha manyazi, ankapita ku tauni kukagula twiza. Amayi ankatuluka kuchipinda atasalala, n'kupeza mwana wawo akulira pagalasi, n'kumuuza kuti wadzichita yekha. Anandiona ndikuwauka ndi phulusa, anandigoneka pansi pamaso pa mayi wotulutsa mizimu, anandimva ndikulira pa foni zaka zinayi za kusowa mwana, njira imene iwo anaiyenda zaka zisanu ndi ziwiri, osatsegula pakamwa. Chimene ndinkafuna kwa iwo sichinali mankhwala. Ndinkangofuna mawu atatu okha, akuti inenso ndili nazo.

Usiku umenewo ndi tsiku lotsatira ndinawasamalira ngati nesi wolembedwa ntchito. Ndinawadyetsa, ndinawatembenuza, koma sindinawayang'ane m'maso. Loweruka masana anandikoka chitenje ndi dzanja lamanzere.

"Amayi a chigwirizano bazabwela pa sikisitini," anatero movutikira, kutanthauza folo koloko madzulo. Kenako anakweza dzanjalo n'kudzigwira pachibwano. "Nichoseko ivi. Iwe uziba."

Ndinakhala pansi pambali pa bedi. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma anatuluka ochepa.

"Amama, chifukwa chani simunaniuze?"

Anayang'ana kudenga. Ndinafunsanso, ndipo ulendo uno mawu anga anakwera mpaka mayi wa pabedi loyandikana nalo anatembenuka.

"Nikanakuuza, ukanauza anzako," anatero amayi. "Bantu bakanaziba kuti wachosa kuli ine."

Basi, yankho lonse linali limenelo. Sanati pepa. Sanati ankaopa kundikhumudwitsa, kapena kuti sankadziwa chochita, zimene ndikanazilandira ndi manja awiri ngakhale zikanakhala zabodza. Anaika dzina lawo mbali imodzi, mwana wawo mbali ina, n'kusankha dzina, ndipo mpaka pabedi la chipatala sankaona cholakwika.

Ndinaganiza zowasiya choncho. Ndinaganiza ndithu, sindibisa. Ndinafuna kuti amayi a mabulauzi oyera aja alowe, aone mtsogoleri wawo mmene alili, amve kwa ola limodzi lokha zimene ine ndinamva kuyambira ndili kusukulu. Koma ndinayang'ana dzanja lawo lakufa lili lende pabulangete, maso ali pakhomo la wodi ndi mantha amene ndimawadziwa bwino, ndipo ndinakanika. Ndinapita kukapempha madzi otentha, ndinakoka nsalu yotchinga bedi, ndinawatembenuzira kuwindo, n'kutulutsa twiza m'chikwama mwanga.

Zinanditengera nthawi yoposa ola. Khungu lawo linali lofewa, lokalamba, ndipo ndinkalikoka ndi zala ziwiri kuti ndisawatsine. Sanabuule ngakhale kamodzi, anali ozolowera. Mpweya wawo unkandiwomba padzanja. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kugwira chibwano cha amayi anga, ndipo misozi inkandisokoneza kuona titsitsi ta imvi. Nditamaliza ndinawapaka mafuta, ndinawamanga duku, ndinawakhazika tsonga ndi mapilo.

Ndikutsegula nsalu yotchinga ija, amayi a chigwirizano anali akulowa kale, asanu ndi mmodzi, atanyamula mabuku a nyimbo ndi malalanje. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti ineyo ndinali ndisanadzizule chifikireni kuchipatala. Mapiritsi anga ndinawaiwala ku Ndola pothamanga, ndipo nthawi yodziyang'ana pagalasi sindinaipeze. Pobisala panalibe.

Anaimba, anapemphera, anawayamikira amayi kuti akuoneka bwino ngati sakudwala n'komwe. Kenako mayi wina wachikulire, amene anandidziwa ndili wakhanda, anandipenyetsetsa kumaso mwachifundo chija chimene chimapweteka kuposa chipongwe, n'kutembenukira kwa amayi.

"Koma mwana wanu uyu, mayi, ndevu izi anatengela ndani?"

Ndinawayang'ana amayi. Chibwano chawo chinali chikadali chofiirira pang'ono ndi ntchito ya manja anga, ndipo twiza inali ikadali m'chikhatho changa. Amayi anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana mnzawoyo.

"Kaya," anatero.