Gadiyani wa pa Masitepe

Tsiku limene akatswiri adzakhale pansi kulemba mbiri ya zachipatala m'dziko la Qatar, ine ndidzafunika mutu wangawanga. Ndine munthu amene ndinagonjetsa makina oyezera mtima. Anandimata mawaya pachifuwa, makina analira, pepala linatuluka, madokotala analitembenuza uku ndi uku, osapezapo kanthu. Pamapeto pake nesi wa ku Philippines anandiuza kuti ndizimwa madzi ambiri, ndiponso nditsike pabedipo msanga chifukwa panja panali munthu wodwaladi.

Zinayamba mu Juni chaka chatha. Ndimagwira ntchito yaulonda pageti ya hotela ina kuno ku Doha. Kwathu ndinalowako ku koleji, koma chaka chachiwiri chili pakati, koleji ndi ine tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndicho chifukwa chake anzanga amanditcha Pulofesa. Tsiku limenelo ndinali chiimire pageti masana, mtima unangoyamba kuthamanga wokha. Manja anachita dzanzi, mpweya unkathera pakhosi. Ndinati ndi dzuwa, poti Juni wa kuno sasewera. Sabata yotsatira zinandigwiranso m'basi ya kampani, mmene mumazizira ngati m'firiji, ndipo dzuwa linatuluka pa mlandu. Kenako tulo tinasowa, chakudya chinasanduka utuchi m'kamwa, lamba ndinamuboola bowo lina.

Chimene chinkandidya ndinkachidziwa. Ine mtima wanga umakonda amuna anzanga. Ndinazizindikira ndili ku sekondale, ndipo ndinaphunzira kuzibisa bwino kuposa phunziro lina lililonse. Ku Lilongwe ndinali ndi munthu wanga, Yamikani. Tinkakhala nyumba imodzi, eni nyumba ankadziwa kuti ndife pachibale. Mu Meyi ananditumizira uthenga kuti akukwatira. Makolo ake anali atamupezera mkazi, ndipo iye anali atatopa kukana. Mwezi womwewo mlonda mnzathu wa dziko lina anangosowa pantchito. Mphekesera zinali zoti wina anaona za m'foni yake n'kukanena kwa abwana. Sitinamuonenso. Kuno nkhani ngati yanga si ya manyazi okha. Ikhoza kukuthera ntchito, ikhoza kukufikitsa kupolisi, ndipo ikhoza kukafika kwa amayi ako ku Balaka ndege yako isanatere.

Choncho ndinali ndi maliro opanda polirira. Timakhala amuna asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi ku Al Mansoura, dera lina la Doha yemweyu, mabedi osanjikana. Mafoni onse timatchajira pa ekisitenshoni imodzi pafupi ndi chitseko, ndipo foni yako ikalira, amene ali pafupi amakuwerengera dzina la woimbayo mokweza, mwaulere.

Mu Julayi ndinagwa m'bafa. Amene ananditola ndi a Kamwendo, mkulu wa chipinda chathu, bambo wa ku Ntcheu, mlonda wa zaka zambiri kuno, ndiponso mkulu wa mpingo kwawo. Atandikhazika pabedi anati, "Wodwala sayenda yekha. Kuyambira lero gadiyani wako ndine." Anasinthana mashifiti ndi anzawo, anatenga khadi langa lachipatala n'kuliika m'thumba la malaya awo. Kwathu gadiyani amagona pansi pa bedi la wodwala, amamusambitsa, amamuyankhira dokotala akafunsa. A Kamwendo anabwera nawo mwambo umenewu wathunthu, sanasiyeko kalikonse pa eyapoti.

Ku kiliniki ya ogwira ntchito umatenga nambala pamakina, n'kukhala pa mipando yachitsulo pamodzi ndi amuna a mitundu yonse, aliyense maso pa sikirini. Umadikira mpaka matako aiwale kuti ndi ako. Nambala yanga ikatuluka, a Kamwendo ankaimirira ine ndisanaimirire, ndipo m'chipinda cha dokotala ankalowa patsogolo.

Dokotala woyamba anandifunsa ngati pali chimene chikundisowetsa mtendere.

"Palibe," anayankha a Kamwendo. "Ndi mwana wabwino uyu. Samwa, sasuta, za akazi alibe nazo ntchito."

Pa mfundo yomalizayo sanalakwitse.

Magazi anayeza, shuga anayeza, mtima anayeza kangapo. Zonse zinali bwino, kupatula ine. Mu Ogasiti tinapeza dokotala wina, mayi wa ku Sudan wolankhula pang'onopang'ono. Anawerenga zotsatira zonse, kenako anapempha a Kamwendo kuti atuluke. Anatuluka monyinyirika, ndipo nsapato zawo ndinkaziona pansi pa chitseko.

"Mtima wanu ulibe vuto," anatero mayiyo. "Awa ndi matenda a nkhawa, ndipo mwayambanso kukhumudwa kwambiri. Ndi matenda ngati ena onse, amachizika. Chinachitika n'chiyani miyezi yapitayi?"

Ndinayang'ana kompyuta yawo. Pamwamba pa sikirini panali nambala ya chiphaso changa, yomweyo imene ili pa kontirakiti, yomweyo imene ili ku imigireshoni. Mwina mayiyo sakananena kwa wina aliyense. Sindidziwa mpaka lero. Ndinangoti, "Ndasowa kwathu."

"Simukukakamizidwa kundiuza ine," anatero. "Koma mupeze munthu woti mumuuze. Mankhwalawa akuthandizani kugona, koma alibe makutu." Potuluka anawaitana a Kamwendo pambali n'kuwauza kuti asamandisiye ndekha.

Ku chipinda nako kunali madokotala ake. Gift, dalaivala wa ku Mangochi amene amagona bedi la pamwamba panga, anati matendawa amawadziwa. "Pulofesa akufunika mkazi, khalasi, nkhani yatha. Ine ndili ndi manambala a asisi a ku Al Messila, ogwira m'nyumba, ophika bwino. Sankha." Anandiika foni pamphuno. Nditaikankha anaseka. "Aaa, onsewa wakana? Kapena mwana wa sukuluyu amasewera timu inayo?" Chipinda chonse chinaphulika. Nanenso ndinaseka, mokweza kuposa onse.

Mankhwala anandipatsa tulo pang'ono, koma masabata oyambirira mutu unkalemera ndipo m'kamwa munkauma. Chimene sichinasinthe ndi maganizo. Ndinayamba kuona ngati kusadzuka kungakhale kopepuka kuposa kudzuka. Pamenepo ndinachita mantha enieni, oposa a polisi. Ndinalembera mnzanga wamkazi wa ku koleji, yekhayo amene ankadziwa za ine ndi Yamikani. Iye anandilumikiza ndi mayi wina, phungu wa za maganizo ku Lilongwe, amene amalankhula ndi anthu ngati ine pafoni popanda kulipiritsa. Tinapangana Lachisanu masana, tsiku langa la ofu.

Vuto linali malo. Lachisanu chipinda chimadzaza. Panja dzuwa limasungunula nsapato. M'malesitilanti a ku Al Mansoura umaganiza kuti Chichewa ndi chinsinsi, mpaka wa patebulo lina atembenuke n'kunena kuti "Muli bwanji achimwene." Ndinasankha pamwamba pa masitepe a nyumba yathu, pafupi ndi chitseko chotulukira padenga, pamene pamangokhala fumbi ndi mabedi othyoka.

Nditangogwira chitseko cha chipinda, a Kamwendo anali atavala kale masilipasi.

"Ukupita kuti?"

"Pamwambapa, madala. Ndili ndi foni."

"Padenga supita wekha."

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ankaopa: kuti ndikadziponya pansi. Nkhope yawo inali youma gwa, ngati ya pageti.

"Ndi dokotala wa ku Malawi, madala. Akufuna kulankhula ndi ine."

"Ndiye tiye, ndikawafotokozere bwino."

Tinakanganapo, mpaka tinagwirizana kuti iwo akhale masitepe a m'munsi, ine pamwamba. Anatenga katoni n'kukhalapo.

Phungu uja anayamba ndi kufunsa ngati ndili pamalo poti ndingalankhule momasuka. Ndinati inde. Kenako ndinawafotokozera za kutentha kwa Doha, za mtengo wa anyezi, za mmene koleji inatayira mwayi wokhala ndi ine. Anandimvetsera mpaka nthawi inatha, ndipo anangondiphunzitsa kapumidwe koti ndizichita mtima ukayamba kuthamanga.

Lachisanu lachiwiri anandilola kuseka pang'ono, kenako anati, "Mumaseketsa, ndipo ndaona kuti nthabwala zanu zimabwera pamene tayandikira penapake. Munataya ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zina. Chimene chinatuluka ndi dzina la Yamikani. Zotsalazo zinatsatira zokha, zonse, kuyambira ku sekondale. Ndinalira kulira kwa pamaliro, kosasamala za mamina. Mayiwo sanadabwe, sananditchulire vesi, sanandifunse ngati ndinayesapo kusiya. Anati chimene ndili si matenda. Matenda ndi mantha ndi chisoni zimene ndasenza ndekha nthawi yaitali, ndipo zimenezo ndi zimene tigwirepo ntchito.

Ali pakati polankhula, ndinamva mapazi m'munsi, ndi mawu a Gift.

"Madala, pisani, ndikayanike zovala."

"Padenga atseka."

"Watseka ndani?"

"Ine. Bwerera."

"Nanga yunifomu yangayi ndiyanike pati?"

"Pamutu pako. Tiye, tsika."

Mawu aliwonse ndinawamva bwinobwino, ngakhale kupuma kwa Gift ndi kulira kwa ndowa yake ya zovala. Masitepe a simenti amanyamula mawu ngati paipi. Ngati ine ndinkamva za pansi chonchi, ndiye kuti a pansi anamva za pamwamba.

Ndinatsika nditagwira khoma. A Kamwendo anaimirira, anapinda katoni yawo, sanandiyang'ane. "Tiye," anatero. Basi.

Sabata imeneyo ndi imene inali yoipitsitsa pa matenda anga onse. Supavaiza akanditchula dzina pa wailesi ya ntchito, ndinkati basi, zamveka. Galimoto ya polisi ikadutsa pageti, ndinkawerenga mpweya monga anandiphunzitsira phungu, ndipo nambala zinkasokonekera. Amayi ataimba foni, ndinayamba ndamvetsera kaye mawu awo a moni kuti ndidziwe ngati amva. A Kamwendo ankandipatsa mankhwala m'mawa uliwonse monga kale, ndi botolo la madzi, koma osalankhula. Madzulo ankawerenga Baibulo nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ndinalongedza pasipoti ndi zovala zochepa m'kachikwama, n'kukaika kumutu kwa bedi.

Lachisanu litafika sindinadzuke pabedi. Ndinali nditaganiza zosiya uphunguwo. Nthawi itayandikira ndinaona masilipasi aima pafupi ndi bedi langa, ndi katoni ija m'khwapa.

"Dokotala wako akudikira."

Tinakwera. Pamalo pawo paja anayala katoni, anakhala, n'kutulutsa mahedifoni akuluakulu obwereka. Anawagwira m'manja kanthawi.

"Pulofesa, ine ndine mlonda. Ntchito yanga ndi kuona amene akulowa ndi amene akutuluka. Za m'kati mwa nyumba si za mlonda." Anakhosomola. "Sindikunena kuti ndazimvetsa. Sindinazimvetse, ndipo ndi Mulungu wanga tikukambiranabe. Koma sindinabwere ku Qatar kudzaperekeza bokosi la mwana wa munthu pa eyapoti. Wamva?"

"Ndamva, madala."

"Kwera. Ukatsika ukandigulire karaki, tiyi wamkaka wa pakona uja. Masitepe ano amaumitsa kukhosi."

Anavala mahedifoni. Nyimbo za kwaya zinkamveka mpaka pamwamba.

Kuchira sikunabwere ngati mvula, kunabwera ngati madzi a pampopi wa ku Area 25, lero atuluka, mawa ayi. Mu Okutobala ndinayamba kumva njala. Mu Disembala zithunzi za ukwati wa Yamikani zinandipeza pa foni ndipo ndinabwerera m'mbuyo, masiku angapo osadya, koma ulendo uno ndinali ndi woti ndimuuze. Dokotala wa ku Sudan uja anandichepetsera mankhwala pang'onopang'ono, ndipo anandichenjeza kuti ndisasiye ndekha ngakhale ndikumva bwino. Sanandifunsenso funso lija. Anangoti, "Ndikuona munampeza wa makutu."

Pano ndikugona, ndikudya, lamba wabwerera pa bowo lake lakale. Mtima umathamangabe nthawi zina, koma ndimaudziwa, ndimaudikira, umatopa wokha. Ndi phungu timalankhula kamodzi pamwezi. Sindinganame kuti zonse zili bwino. Ndikadali m'dziko limene ndiyenera kusamala, ndipo kwathu nakonso si kuti akundidikira ndi nthungululu. Mayina onse m'nkhani ino ndawasintha. Gift anasiya kundisakira akazi kuchokera tsiku limene a Kamwendo anamufunsa, pamaso pa onse, ngati akazi ake ku Mangochi amadziwa kuchuluka kwa manambala a m'foni yake. A Kamwendo sanatchulepo nkhani ija ngakhale kamodzi. Amandipempherera mokweza, ndipo chimene amapempha kwenikweni sindifunsa.

Kwa amene muli kuno kapena kwina kulikonse, mtima ukuthamanga, tulo tatha, makina akuti muli bwino: musadikire kugwa m'bafa. Pitani kuchipatala msanga, ndipo mutchule za maganizo, osati za chifuwa zokha. Muli ndi ufulu wopempha gadiyani kuti atuluke. Si aliyense woyenera kumuuza zanu, ndipo ine ndinachita mwayi umene sindingaulonjeze munthu wina. Koma mupeze mmodzi wodziwa ntchito yake, ngakhale akhale kutali, pafoni. Maganizo oti kusadzuka kuli bwino akakufikirani, muuze munthu tsiku lomwelo. Ndipo musanayambe kulankhula, yesani kaye masitepe.

Anthu amafunsa kuti chithandizo chapamwamba chotere, cha madokotala a mayiko atatu ndi mlonda wapadera, chinandidyera zingati. Karaki wa pakona ndi riyali imodzi. Mwezi watha gadiyani wanga wakweza mtengo. Akuti tsopano ndi chapati chomwe.